Kodi banki yopanda chiwongoladzanja ingagwe?

Lamlungu lililonse masana, mbale za nkhomaliro zikatsukidwa, amayi 17 amakumana pakhonde la nyumba ina ku Phwetekere, mu Area 36. Pamphasa pamakhala kope lokutidwa ndi pulasitiki, cholembera chomangidwa ndi ulusi kuti chisasowe, ndi mbale ziwiri, ina ya masheya ina ya zadzidzidzi. Lamulo la gulu lawo ndi lachidule: wotenga K50,000 lero abweze K60,000 mwezi ukatha. Ndimakhala nyumba yoyandikana nayo, choncho ndakhala ndikumva kuwerenga kwawo kwa zaka zingapo.

Tsiku logawana mu Disembala ndi limene linandichititsa kulemba nkhaniyi. Mlembi atatchula dzina la mayi wina wogulitsa mpunga, Msilamu wochokera ku Mangochi, mayiyo anawerenga ndalama zake kawiri. Anapatula zimene anasonkha chaka chonse n'kuzimanga pamfundo ya chitenje, ndipo zapamwamba anazikankhira m'mbale ya zadzidzidzi. Anzake anadandaula. "Inu mayi, thukuta lanu lomwe ili, mukulisiyiranji?" Iye anayankha modekha kuti chipembedzo chake sichimulola kudya ndalama yobadwa pa ndalama inzake, ndiye bola ithandize pamaliro kapena pamatenda. Wina atamuuza kuti masiku ano m'tauni muli banki ya Asilamu yosatenga chiwongoladzanja, msungichuma wa gululo anafunsa funso limene aliyense wosunga ndalama ayenera kufunsa: "Nanga banki yoteroyo imadya chiyani? Siidzagwa ndi ndalama za anthu?"

Funsoli si lachibwana. Akatswiri a IMF ndi a World Bank akhala akulifufuza kwa zaka zambiri, ndipo yankho lawo silikondweretsa kwathunthu amene amatama mabanki a Chisilamu, ngakhalenso amene amawanyoza.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni a m'dziko muno, 13.8 pa 100 alionse ndi Asilamu. Ambiri ali ku Mangochi, Machinga, Balaka, Salima ndi Nkhotakota, koma aliyense wodutsa pamzikiti waukulu wa ku Old Town Lachisanu masana amadziwa kuti Lilongwe nayenso ali nawo ochuluka, ndipo ambiri mwa iwo ndi a malonda. M'chaka chomwecho cha 2018, banki yaikulu ya Reserve, bwanamkubwa wake ali Dalitso Kabambe, inalola kuti mabanki ayambe kupereka ntchito zotsata malamulo a Chisilamu. Njira imene inasankhidwa ndi ya zenera: banki wamba imatsegula gawo lapadera lokhala ndi mabuku ake ndi akatswiri ake a Sharia. FDH Bank ndiyo inatsogola ndi gawo lotchedwa Salama Banking. Zenera lotere silifunsa chipembedzo pakhomo. Mkhristu angathe kutsegulako akaunti, ndipo kwa iye nkhaniyi si yachilendo kwenikweni, popeza mabuku a Eksodo, Deuteronomo ndi Nehemiya nawonso amadzudzula katapila pakati pa abale.

Tiyambe ndi funso loyamba la msungichuma uja. Banki ya Chisilamu imadya phindu la malonda. Tiyerekeze mnyamata wa kabaza woima pasiteji ya St John's akufuna njinga yamoto ya K3,000,000. Banki wamba imamubwereka ndalamazo n'kuikapo chiwongoladzanja chimene chingakwere kapena kutsika pakati pa ulendo. Banki ya Chisilamu imagula njingayo, ikhale yake kaye, kenako n'kumugulitsa pamtengo woti agwirizane, mwina K3,900,000, yolipira K325,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 12. Mgwirizano umenewu umatchedwa murabaha. Mtengo ukalembedwa walembedwa. Akachedwa kulipira ngongole siibereka ina, ndipo chindapusa chikakhalapo chimapita ku ntchito zachifundo, osati m'thumba la banki. Pali ijara, pomwe banki imagula chigayo kapena galimoto n'kulibwereketsa pa lendi. Pali musharaka, pomwe banki ndi wamalonda amasonkherana mpamba n'kugawana phindu ndi kuluza komwe. Palinso mudaraba, pomwe wina amapereka mpamba wina n'kupereka luso ndi mphamvu. Wosunga ndalama mu akaunti ya mudaraba salonjezedwa kuti adzalandira zakuti pakutha pa chaka. Amalonjezedwa gawo la phindu, ndipo pamapepala amavomera kuti malonda akalephera mpamba wake ungachepe.

Ena amaseka n'kunena kuti K900,000 yapamwambayo ndi chiwongoladzanja chovala mkanjo. Pali choonadi pang'ono m'mawu amenewo, ndipo ndibwererako. Koma kusiyana kumodzi n'kwenikweni: ndalama iliyonse yotuluka iyenera kukhala ndi katundu weniweni kumbuyo kwake, ndipo kugulitsana ngongole pamtengo wosiyana ndi kuchuluka kwa ngongoleyo, juga, ndi mapangano osadziwika mutu wake n'zoletsedwa.

Mabanki otere si akale kwambiri. Anayamba ndi kabanki kosungitsa ndalama ku Mit Ghamr, m'dziko la Egypt, mu 1963, chaka chomwe dziko la Malaysia linakhazikitsa thumba lothandiza anthu kusunga ndalama za ulendo wa Hajj. Dubai Islamic Bank inatsegulidwa mu 1975. Kuno kummwera, Albaraka Bank inayamba ku Durban mu 1989. Kenya inapeza Gulf African Bank ndi First Community Bank cha m'ma 2008, Tanzania inapeza Amana Bank mu 2011, Nigeria Jaiz Bank mu 2012.

Mayeso aakulu anafika mu 2008. Pa 15 Sepitembala chaka chimenecho banki ya Lehman Brothers ku New York inagwa, ndipo mabanki akuluakulu a ku America ndi ku Ulaya anagwedezeka motsatizana. Chinawadwalitsa chinali mapepala: ngongole za nyumba zoperekedwa kwa anthu osatha kubweza, zomangidwa m'mitolo n'kugulitsidwa kuchoka ku banki ina kupita ku inzake mpaka wogula womaliza sankadziwanso chimene wagula. Mabanki a Chisilamu sanagule mitolo imeneyo chifukwa malamulo awo sawalola. Mu 2010 akatswiri awiri a IMF, Maher Hasan ndi Jemma Dridi, anayerekeza mabanki pafupifupi 120 m'maiko asanu ndi atatu, kuphatikizapo Saudi Arabia, Kuwait, Malaysia ndi Turkey. Anapeza kuti mu 2008 phindu la mabanki a Chisilamu silinagwe ngati la anzawo, ndipo anapitiriza kupereka ngongole pamene ena anali atatseka matumba.

Anthu ambiri amalekera pamenepo pofotokoza nkhaniyi. Koma kafukufuku yemweyo akupitiriza: mu 2009, vuto litachoka m'mapepala n'kulowa m'misika yeniyeni, phindu la mabanki a Chisilamu linatsika kwambiri kuposa la mabanki wamba. Katundu weniweni amene ankadalira, makamaka nyumba ndi malo, anagwa mtengo. Ku Dubai makampani awiri a Chisilamu opereka ngongole za nyumba, Amlak ndi Tamweel, anaimitsidwa pamsika wa masheya kumapeto kwa 2008, ndipo mu Disembala 2009 Abu Dhabi inapereka ku Dubai madola 10 biliyoni, amene gawo lake linathandiza kampani yomanga ya Nakheel kubweza ngongole yake ya zikalata za Chisilamu zotchedwa sukuk. Arcapita, banki ya Chisilamu ya ku Bahrain yoika ndalama m'mabizinesi akuluakulu, inakapempha chitetezo kukhoti ku America mu 2012 italephera kubweza zimene inabwereka. Kudalira katundu wooneka ndi maso kunawateteza ku matenda amodzi n'kuwaika pangozi ya ena, chifukwa mazira ambiri anali m'dengu la nyumba ndi malo.

Kafukufuku amene ndimauona wofunika kwambiri kwa ife ndi wa Martin Čihák ndi Heiko Hesse, nawonso a IMF, wa 2008. Iwo anayeza mabanki a Chisilamu 77 ndi mabanki wamba 397 pa zaka za 1993 mpaka 2004, pofuna kuona kuti banki iliyonse ili kutali bwanji ndi kugwa. Anapeza kuti pakati pa mabanki aang'ono, a Chisilamu ndiwo olimba. Pakati pa akuluakulu, mabanki wamba ndiwo olimba. Ndipo banki ya Chisilamu yaing'ono imaposa inzake yaikulu. Chifukwa chake amayi a pakhonde paja angachimvetse msanga kuposa ophunzira ambiri. Kugawana phindu kumafuna kuti umudziwe munthu amene wamupatsa mpamba, udziwe ngati wagulitsadi kapena akubisa. Gulu la anthu 17 limadziwana mpaka ndiwo zimene aliyense wadya dzulo. Likafika anthu 200, mlembi sangathenso kutsata aliyense, ndipo obisa phindu amachuluka. Thorsten Beck, Asli Demirgüç-Kunt ndi Ouarda Merrouche, mu kafukufuku amene anayambira ku World Bank, anapeza kuti mitundu iwiriyi ya mabanki siisiyana kwambiri monga anthu amaganizira: a Chisilamu amakhala ndi mpamba wawo wochulukirapo ndi ngongole zobwezedwa bwino, koma kuyendetsa ntchito zawo kumadya ndalama zambiri. Ku Pakistan, Lieven Baele, Moazzam Farooq ndi Steven Ongena anatsata ngongole zoposa 150,000 za pakati pa 2006 ndi 2008, n'kupeza kuti kulephera kubweza pa ngongole za Chisilamu sikunkafika ngakhale theka la kulephera pa ngongole wamba. Chikumbumtima cha wobwereka nachonso ndi chikole, ngakhale sichilembedwa m'mabuku.

Tsono funso lachiwiri la msungichuma, loti siingagwe, yankho lake ndi lakuti inagwapo kale, kangapo. Ku South Africa, Islamic Bank Limited inatsekedwa mu 1997 chifukwa cha ngongole zosabwezedwa ndi kayendetsedwe koipa, ndipo ovutika anali anthu wamba amene anaikhulupirira chifukwa cha dzina. Ku Turkey, Ihlas Finans inagwa mu Febuluwale 2001, itapezeka kuti ndalama za osunga pafupifupi 200,000 zinkapita kumakampani a eni ake omwe. Nthawi imeneyo mabungwe a Chisilamu a ku Turkey sanali pansi pa inshuwalansi yoteteza osunga ndalama, choncho mantha anafalikira ndipo anthu anathamangira kukatulutsa ndalama ngakhale m'mabungwe ena amene analibe vuto. Nkhani ya Dubai Islamic Bank ndiyo imandiwawa kwambiri chifukwa timaidziwa m'makwalala athu omwe. Pakati pa 1995 ndi 1998, munthu wa ku Mali, Foutanga Babani Sissoko, anakopa mkulu wina wa bankiyo kuti ali ndi mankhwala ochulukitsa ndalama, ndipo madola 242 miliyoni anatuluka. Zitaululika anthu anakhamukira kubanki kukatenga zawo, mpaka boma la Dubai linalowererapo. Pafupi ndi kwathu kuno, Chase Bank ya ku Kenya inalandidwa ndi banki yaikulu ya dzikolo mu Epulo 2016, owerengera mabuku atanena kuti ndalama zimene zinalembedwa ngati musharaka zinali ngongole za akuluakulu a bankiyo. Imeneyi inali banki wamba yokhala ndi zenera la Chisilamu, mtundu womwewo umene tasankha kuno.

Palibe imodzi mwa izi imene inagwa chifukwa chosowa chiwongoladzanja. Zinagwa ndi matenda omwe anapha mabanki athu otenga chiwongoladzanja. Finance Bank of Malawi inalandidwa chiphaso mu 2005 chifukwa chophwanya malamulo a mabanki. Malawi Savings Bank, banki ya boma imene inafika m'maboma ambiri akumidzi, inagulitsidwa kwa FDH mu 2015 italemedwa ndi ngongole zimene anthu amphamvu sankabweza, ndipo boma linasenza pafupifupi K6 biliyoni ya ngongole zimenezo, kutanthauza kuti tinalipira ndife okhoma msonkho. Mwini banki akamadzibwereketsa ndalama za anthu, kapena wamkulu akamasainira mnzake ngongole popanda chikole, dzina lolembedwa pachikwangwani silipulumutsa aliyense.

Koma pali mavuto ena amene zenera la Chisilamu limakumana nawo m'Malawi muno mokha, ndipo ndi amene sakambidwa mokwanira. Aliyense wowerenga malipoti a mabanki athu amadziwa kuti gawo lalikulu la phindu lawo limachokera pobwereketsa boma. Banki ikakhala ndi ndalama zongokhala, imagula zikalata za ngongole ya boma, imalandira chiwongoladzanja chabwino popanda kuthamangitsana ndi wobwereka, ndipo ikafuna ndalama mwamsanga imagulitsa zikalatazo kapena kuzipereka ngati chikole ku Reserve. Zenera la Chisilamu silingachite zimenezi, chifukwa zikalata zimene boma lathu limagulitsa ndi za chiwongoladzanja. Ndalama zake zotsala zimangogona, pamene mitengo ya zinthu ikukwera. Ndipo tsiku loti osunga ambiri afune zawo nthawi imodzi, njinga zamoto ndi zigayo zimene linagulira anthu sizisanduka ndalama m'mawa umodzi.

Maiko ena anathetsa vutoli ndi sukuk, zikalata zimene wogula amakhala ndi gawo la katundu weniweni, monga msewu kapena nyumba ya boma, n'kumalandira lendi yake. Britain inagulitsa sukuk ya mapaundi 200 miliyoni mu 2014, South Africa ya madola 500 miliyoni chaka chomwecho, ndipo Nigeria mu 2017 inatolera ma naira 100 biliyoni amene anapita kukamanga misewu. Palibe mwa maiko atatuwa limene lili la Chisilamu lokhalokha. Ine ndikuona kuti Unduna wa Zachuma ndi Reserve akanafulumira pa nkhaniyi, chifukwa kulola zenera popanda kulipatsa poika ndalama zake zotsala kuli ngati kupatsa munthu khasu wopanda munda. Phindu lina la sukuk ndi loti ndalama yake imamangiriridwa ku chinthu chodziwika, choti nzika ingapite kukachiona ngati chamangidwadi.

Vuto lachiwiri ndi kwacha yathu. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu Febuluwale 2024 Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo chaka chimenecho mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti. Amene anali ndi ngongole kubanki wamba anaona zobweza zawo zikukwera iwo asanalakwe kanthu, ndipo ndikudziwa mabanja m'dera lathu lino amene anagulitsa ziwiya za m'nyumba pa chifukwa chimenechi. Mnyamata wa kabaza wa murabaha uja akanagona tulo, chifukwa K325,000 yake siikanasintha. Kwa wobwereka uku ndi kukhazikika kwenikweni, ndipo kumachepetsa olephera kubweza. Koma katundu wa kufooka kwa kwacha sasowa womusenza. Banki imalandira kwacha zofooka pamtengo umene inagwirizana kwacha ili ndi mphamvu, ndipo singabwerere kukawonjezera. Kuti idziteteze imaika phindu lalikulu kuyambira pachiyambi kapena kupereka ngongole za miyezi yochepa yokha, ndipo poika phindulo imayang'ana chiwongoladzanja cha pamsika. Apa ndi pamene oseka aja amalondola. Ku Malaysia, Beng Soon Chong ndi Ming-Hua Liu anasonyeza mu 2009 kuti phindu loperekedwa kwa osunga m'mabanki a Chisilamu limatsata pafupi kwambiri chiwongoladzanja cha mabanki wamba, ndipo kugawana phindu ndi kuluza kwenikweni ndi kachigawo kakang'ono ka ntchito zawo.

Zimatero chifukwa cha ife osunga. Pamapepala, wa akaunti ya mudaraba amavomera kuluza limodzi ndi banki, ndipo akatswiri amati chimenechi ndicho chimalimbitsa banki ya Chisilamu, popeza chaka choipa chimagawidwa pamapewa ambiri. Koma ndani wa ku Kaondo kapena ku Biwi amene angamve kuti K200,000 yake yatsala K180,000 n'kukhala chete? Mawa lake adzakhala pamzere wotulutsa, ndipo anzake onse adzamutsatira. Mabanki amadziwa zimenezi, choncho chaka chikavuta amatapa m'phindu la eni banki kapena m'thumba losungira padera kuti osunga asaone kusiyana. Chishango chimene chimatamidwa m'mabuku sichigwiritsidwa ntchito kawirikawiri.

Zenera lilinso ndi mbali yake yofunika kuimvetsa. Chifukwa lili m'mimba mwa banki wamba, kulimba kwake ndi kulimba kwa banki yonseyo. Mayi akadwala, mwana wam'mimba sakhala bwino. Ubwino wake ndi woti limatsamira pa mpamba, nthambi ndi makina a banki yaikulu, ndipo limayang'aniridwa ndi Reserve monga mbali ina iliyonse. Kuipa kwake ndi koti kupatula ndalama kumadalira kukhulupirika kwa mabuku. Munthu wopita kukatsegula akaunti ali ndi ufulu wofunsa kuti mashehe ndi akatswiri oyang'anira za Sharia ndi ndani, ngati lipoti lawo limasindikizidwa, kuti phindu limagawidwa motani, komanso ngati akaunti ya mtundu umene akusankhawo ili pansi pa chitetezo cha Deposit Insurance Corporation, bungwe limene dziko lino linakhazikitsa kuti lizibwezera osunga ndalama banki ikagwa. Mabungwe a AAOIFI ku Bahrain ndi IFSB ku Kuala Lumpur analemba kale miyezo ya kawerengedwe ndi kayang'aniridwe ka mabanki otere, choncho sitikuyambira pachabe. Chofunika ndi anthu ku Reserve odziwa kuwerenga mgwirizano wa musharaka mpaka kuzindikira pamene wabisa ngongole ya bwana.

Ndinamufotokozera mayi wa mpunga uja zina mwa izi tsiku lina madzulo ndikugula pabenchi pake. Anamvetsera akupeta, kenako anandifunsa ngati banki imeneyo ingamugulire matumba khumi a kilombero ku Karonga nthawi yokolola, iye n'kumabweza pang'onopang'ono pamtengo umodzi wosasintha. Ndinati umenewo ndiwo murabaha weniweni, koma adzamufunsa chitupa cha unzika, umboni wa malonda ake, mwinanso chikole. Anaseka pang'ono n'kunena kuti chikole chake ndi benchi lomwelo ndi sikelo. Pakadali pano ndalama ikangokwana thumba limodzi amaitanitsa mpunga, ndipo m'chipinda chake chogona, pamwamba pa njerwa zotchingira chinyezi, pali matumba anayi amene mtengo wake wakwera kawiri chiwagulireni.